Galimoto Inapsa Ili Chiimire

Galimoto ya achimwene anga inapsa masana, mwezi wa Okutobala, ili chiimire pabwalo pathu ku Mtendere. Injini inali yozimitsa, makiyi anali m'thumba la mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo anali kokameta kuseri kwa msika. Ine ndinali pakhonde ndikusoka. Ndine telala, ndipo makina anga ndi opalasa ndi mapazi, choncho magetsi akazima ntchito yanga siima.

Pulotipo anatisiyira ndi abambo athu, omwe anachokera ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito yophika m'nyumba za ku Kabulonga. Anamanga nyumba ya zipinda zinayi, kenako ina yaing'ono kumbuyo. M'nyumba yaikulu tinkakhalamo amayi ndi ine. Yaing'onoyo inali ya achimwene, akazi awo ndi ana awo awiri aakazi. Pakati pa nyumba ziwirizi panali bwalo ladothi lokwana galimoto imodzi, chingwe choyanikira zovala ndi mtengo wa mango.

Achimwene anayendetsa mathiraki zaka zambiri, kupita ku Nakonde n'kubwera. Msana utayamba kuwavuta anasiya, n'kugula kagalimoto koyera kogwiritsidwapo kale ntchito, kamene ankakayendetsa ngati takisi. Ankakatsuka m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku limene pampopi sipanatuluke madzi. Ana sankaloledwa kutsamirapo.

Chaka chimenecho magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku ena osabwerako n'komwe. Mafoni ankangofa. Kwa woyendetsa takisi foni ndiyo ntchito, chifukwa makasitomala amaimba. M'galimotomo munali potchajira pamodzi pokha, ndipo pankagwira ntchito makiyi akakhala pamalo pake basi. Achimwene anaganiza zoikamo pena potchajira mafoni ambiri, pogwira ntchito ngakhale galimoto ili yozimitsa.

Lamlungu lina titabwerako kutchalitchi anatsekula boneti, n'kundifunsa ngati ndinali ndi waya wautali. Ndinali ndi simbi yamagetsi yomwe inafa kalekale, ili pansi pa bedi. Ndinaitulutsa, n'kudula chingwe chake ndi sizasi yanga yodulira nsalu. Iwo anasenda nsonga zake ndi mano, anazipotokola pa batire, kenako anadutsitsa wayayo pa kabowo kachitsulo kolekanitsa injini ndi mipando. Polumikiza anakulungapo tepi yakuda. Tepiyo itatha anamalizira ndi kachidutswa ka jumbo.

"Kodi zimenezi sizifuna fundi, achimwene?" ndinafunsa.

"Ine ndakonza mathiraki m'tchire, popanda wondithandiza," anatero. "Waya umodzi ungandivute?"

Zinagwiradi ntchito. Madzulo omwewo mafoni a banja lonse anali pampando wakutsogolo, ndipo pofika sabata yotsatira anthu oyandikana nafe ankabweretsanso awo. Amayi ankauza aliyense wolowa pageti kuti mwana wawo ali ndi mutu wa abambo ake.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabadwira ku komboni ya George. Amalankhula Chinyanja cha m'tauni, chothamanga, cha "vinthu" ndi "malasha", pamene ife m'nyumba tinakula ndi "zinthu" ndi "makala". Amayi sanamuzolowere, ngakhale anakhala naye bwalo limodzi zaka khumi ndi zisanu. Sankakangana. Amayi ankangomuyankha ndi mawu amodzi amodzi. Ntchito ya mlamuyo inali yokazinga vitumbuwa m'mawa n'kukagulitsa pageti la sukulu ana akamaweruka. Ankakazingira pa mbaula, mumthunzi wa mango, pakati pa khomo lake ndi pomwe pankaima galimoto.

Tsiku la motolo linali Lachiwiri, patapita miyezi ngati itatu chilumikizireni waya uja. Achimwene anabwera cha m'ma leveni koloko, anaimika galimoto, anakiya, n'kupita kokameta. Mlamu anali atamaliza kukazinga. Anasenza beseni lake n'kumapita kusukulu, mbaula n'kuisiya pamalo pake pa masiku onse, chakumbuyo kwa galimoto. Ana anali kusukulu. Amayi anali m'chipinda, atagona chifukwa cha kutentha.

Choyamba ndinamva fungo la pulasitiki yopsa. Ndinkayesa wina akutentha zinyalala kuseri kwa mpanda, poti zimenezo n'zosasowa. Ndinapitiriza kupinda mpendero wa siketi. Kenako hutala ya galimoto inalira yokha, kulira kosalekeza, mkatimo mulibe munthu. Nditadzutsa mutu ndinaona utsi wotuwa ukutuluka m'mphepete mwa boneti, wina ukudzaza mkati kuchokera pansi pa chiwongolero. Hutalayo inalira pang'ono n'kusiya.

Ndinakuwa. Anthu anabwera msanga, chifukwa masana opanda magetsi ambiri amakhala panja. Pampopi panalibe madzi. Amayi ena anathamangira migolo yawo, abambo anayamba kukumba dothi la pabwalo ndi fosholo n'kumawaza. Wina anayesa kutsekula boneti koma chotsekulira chake chili mkati, ndipo zitseko zinali zokiya. Bambo wina wogulitsa nkhuku anatola mwala n'kuswa galasi la pakhomo la dalaivala. Mpweya utangolowa, moto unayaka mipando yonse nthawi imodzi, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo akugwerana.

Ine ndinalowa m'nyumba kukadzutsa amayi. Ndinawatulutsira khomo lakutsogolo n'kuwakhazika pa njerwa kutsidya kwa msewu. Tili pamenepo matayala akutsogolo anaphulika, lina kenako linzake. Wina anali ataimbira ozimitsa moto. Galimoto yawo inalowa movutikira m'kamsewu kathu kothina, ndipo pofika inapeza ya achimwene itatheratu. Anazimitsa zomwe zinatsala, n'kuthira madzi padenga la nyumba yaing'ono, lomwe mitengo yake inali itayamba kufuka. Zovala za pachingwe zinapsa, chitseko cha mlamu chinada bii, ndipo mango unauma mbali imodzi. Palibe munthu anavulala, kupatula wogulitsa nkhuku uja amene anachekeka ndi galasi padzanja.

Achimwene anafika akuthamanga, mutu utametedwa mbali imodzi, nsalu ya ometa ikadali pakhosi. Anaima kaye pageti. Kenako anazungulira galimotoyo pang'onopang'ono. Kumbuyo anapeza mbaula itagudubuzika pafupi ndi tayala, phulusa litamwazika. Anthu ndiwo anaikankha pothamanga ndi madzi, koma achimwene anaipeza ili pamenepo.

"Mbaula iyi wasiya ndani?" anafunsa, ngati sakudziwa.

Nthawi yomweyo mlamu ankalowa, beseni lili m'manja, vitumbuwa vina vitagwera m'njira.

"Malasha yenze yasila, imwe," anatero. "Nayisiya ni phulusa chabe."

"Phulusa limatentha galimoto?"

"Sinakambe kuti yatentha motoka. Nakamba kuti yenze yazima."

Achimwene anaponda mbaulayo mpaka inaphwanyika, n'kulowa m'nyumba ya amayi. Anthu onse amene anali pabwalo anaona zimenezo, ndipo anapita nazo m'makwawo.

Masiku otsatira ndinamva zifukwa zambiri pamzere wotunga madzi. Ena ankati madalaivala anzawo a pamsika anachita nsanje n'kutumiza munthu. Ena ankati m'buti munali chigubu cha petulo, pamene munalibe. Mayi wina anati dzuwa la Okutobala palokha limatha kuphulitsa kabotolo ka perefyumu kosiyidwa padashibodi, ndipo anali ndi msuweni wake ku Chawama amene zinamuchitikira. Mayi wa mpingo wina anabwera mpaka pakhonde panga kudzandiuza kuti hutala yolira yokha si nkhani ya mawaya, pabwalopo pafunika mapemphero. Koma zambiri zinkathera pa mbaula. Inali nkhani yosavuta kumva: mkazi anasiya moto pafupi ndi petulo.

Ine ndinkadziwa kuti utsi unayambira kutsogolo, pomwe mbaula inali kumbuyo. Ndinawauzapo amayi kamodzi tikusankha nyemba.

"Utsi unayambira ku boneti, amayi."

"Iwe maso ako anali pa nsalu," anatero. "Unaona moto utayamba kale."

Sindinabwerezenso. Za waya uja ndinazikumbukira tsiku lachiwiri, ndikusita yunifolomu ndi simbi yamakala. Ndinaima pang'ono, kenako ndinapitiriza kusita. Sindinali wotsimikiza, chifukwa za magetsi sindizidziwa. Koma si chifukwa chokhacho chimene ndinakhalira chete. Anali achimwene anga, wayayo anali wanga, ndipo ine ndine mkazi wosakwatiwa wokhala pa bwalo la makolo. Ndinaona kuti nkhani ya mbaula sinkandikhudza.

Achimwene anasiya kudya chakudya cha akazi awo. Ankadya kwa amayi, n'kumagona pampando wa pabalaza pathu. Masana ankakhala pansi pa mango wopsa uja, moyang'anizana ndi chigoba cha galimoto. Sanamumenye mlamu, sanamutukwane, sanamuuze kuti achoke. Akamawapatsa moni ankangoyang'ana kumbali. Amayi nawo ankati akaona mlamu akukoleza mbaula yobwereka, ankaitana ana mokweza kuti achoke pafupi ndi moto. Makasitomala ena apageti la sukulu anayamba kumufunsa ngati wazimitsa mbaula asananyamuke, akuseka.

Mlamu anapirira milungu iwiri. Loweruka lina m'mawa anamanga katundu m'zitenje ziwiri kuti apite kwa mkulu wake ku George. Anatenga mwana wamng'ono, wamkulu n'kumusiya chifukwa cha mayeso. Asananyamuke anabwera pakhonde panga n'kuima pafupi ndi makina.

"Ba mulamu, imwe mwenzepo," anatero. "Munaona chani?"

"Ndinaona utsi."

"Kuti?"

"Paliponse. Zinachitika mwamsanga."

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anati, "Zikomo, musale bwino," n'kusenza katundu wake. Ndinamva geti likutsekeka, ndinapitiriza kupalasa makina.

Chigobacho chinakhala pabwalo mpaka chakumapeto kwa Novembala. Chinachita dzimbiri msanga, ndipo nkhuku za oyandikana nafe zinayamba kuikira mazira m'buti. Achimwene anafuna kudziwa ngati m'injinimo munatsala chilichonse chogwira ntchito, asanaitane ogula zitsulo. Anaitana fundi wina wachikulire wokonza mawaya a magalimoto, yemwe amagwirira ntchito pansi pa shedi ku Kalingalinga. Ndi Msilamu, makolo ake anachokera ku Mangochi, ndipo ankadziwana ndi abambo athu monga anthu ochokera dziko limodzi. Anabwera Lachinayi m'mawa atavala kofiya yoyera, atanyamula kachikwama ka zida. Anayamba wapereka moni kwa amayi, n'kufunsa za miyendo yawo, za ana, za kumudzi komwe onse awiri sanapiteko zaka zambiri. Amayi anatulutsa mpando n'kukhala pakhomo kuti aziona. Ine ndinali pamakina, pamtunda womva zonse.

Fundiyo sanathamangire injini. Anazungulira galimoto kawiri, manja ali kumbuyo.

"Akuti inayamba bwanji?" anafunsa.

"Mbaula," anatero achimwene. "Anaisiya apa, kumbuyo."

Fundiyo anawerama pomwe achimwene analozapo. Anapala chitsulo ndi chikhadabo, ndipo pansi pa mwaye panaoneka penti woyera. Tayala la pamenepo linali lopsa pamwamba pokha, pansi mphira ukadalipo. Anagogoda thanki ya petulo, inali yathunthu. Kenako anapita kutsogolo, komwe chitsulo chinali chotuwa ngati phulusa, chopindika, matayala atatsala mawaya okhaokha.

"Mwana wanga," anatero, "moto umadya kwambiri pomwe wakhalitsa. Kumbuyo kuno unangodutsako. Ukanayambira pa mbaula, penti uyu sitikanamupeza."

Achimwene anati mwina mphepo ndi imene inakankhira moto kutsogolo. Fundiyo sanatsutse. Anapempha chitsulo chotsekulira, ndipo awiriwo anakanula boneti mpaka inatseguka ndi phokoso.

Akuyang'ana mkatimo ankalankhula, osati kwa munthu aliyense kwenikweni. Anati anthu amaganiza kuti galimoto ukaizimitsa ndiye kuti yagona, koma batire siligona, limakhala ndi mphamvu zake usana wonse, makiyi alipo kapena palibe. Anati anaonapo minibasi ku Matero itapsa chifukwa batire linalibe chomangira, ndiye linasuntha n'kukhudza chitsulo cha mpando. Ina makoswe anatafuna mawaya, poti mwiniwake ankasiya matumba a chimanga m'galimoto. Pali zina zimene zimapsa patangopita nthawi pang'ono chiimikireni, paipi ya petulo ikamadonthera pa injini yotentha, kapena munthu akaimika pa udzu wouma ekizozi ikadali moto. Koma zambiri zimene iye amaziona, anati, ndi za manja a anthu: fyuzi ikamapsa kawirikawiri, m'malo mofufuza chovuta munthu amaikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya.

"Fyuzi ntchito yake ndi kufa kuti galimoto ikhale," anatero. "Ukaichotsa, chimene chingafe ndi china."

Anasiya kulankhula. Anatulutsa pulayasi n'kukoka china chake pamalo pomwe panali batire, lomwe linali litasungunuka. Unali waya wakopa, mkuwa uja wa m'mawaya, wopanda chovala chake cha pulasitiki, wopotokoledwa pa chitsulo cha batirelo. Anautsatira ndi chala mpaka pa kabowo kaja kopita ku mipando. Pamenepo wayayo anali woduka, ndipo kunsonga kwake kunali timibulu ting'onoting'ono ngati mikanda. Chitsulo cha m'mphepete mwa kabowoko chinali chodyeka.

"Apa," anatero. "Moto wamba susungunula kopa chonchi. Awa ndi magetsi. Waya uyu ankakhuzana ndi mphepete yakuthwa iyi, galimoto ikamagwedezeka m'maenje amsewu. Tsiku lililonse pang'ono, mpaka chovala chinang'ambika, kopa n'kukhudza chitsulo. Fyuzi panalibe. Wayayo anafiira, n'kuyatsa mapulasitiki onse a pansi pa chiwongolero."

Anaukweza m'mwamba n'kuuyang'anitsitsa.

"Komanso waya uyu si wa galimoto. Ndi wa m'nyumba. Anauika ndani?"

Achimwene anayang'ana m'injinimo. Anati mwina ndi amene anawagulitsa galimotoyo, chifukwa magalimoto akale amabwera ndi zinthu zambiri zosadziwika.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza kaye. Mapazi anga anasiya kupalasa, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka.

"Ndi wa simbi yanga, a fundi. Ndinadula ndine, achimwene n'kulumikiza. Tinkatchajirapo mafoni."

Fundiyo anayang'ana ine, kenako achimwene, kenako anaika wayayo pansi bwinobwino pamwamba pa boneti. Sanadzudzule munthu. Anati injiniyo mwina wina angaigule chifukwa cha chitsulo chake chapansi, zina zonse n'zotaya. Anapempha madzi osamba m'manja. Amayi anadzuka okha kukatenga, chinthu chomwe sankachita chifukwa cha miyendo yawo. Potsanzika fundiyo anawauza achimwene kuti akadzapeza galimoto ina adzapite nayo ku shedi kwake, adzawaikira potchajira pabwino, ntchito yake ndi ya kanthawi kochepa.

Fundi atatuluka, achimwene anabwera pakhonde.

"Wasangalala?" anandifunsa.

"Ayi, achimwene."

"Unakhala chete mwezi wathunthu. Lero ndiye waona mlendo."

Zimenezo zinali zoona. Ndinawafunsa ngati iwo ankadziwa. Anati sankadziwa, koma ananena mawuwo akuyang'ana kumsewu. Mpaka lero sindingathe kunena motsimikiza. Ndikuganiza kuti anali ngati ine: anakumbukira wayayo, n'kusankha kusaufufuza.

Madzulo amayi anati fundi uja wakalamba, maso ake sali ngati kale. Koma kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso mbaula.

Lamlungu lotsatira ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku George. Nyumba ya mkulu wake wa mlamu ndinaipeza pofunsa, kuseri kwa chigayo. Mlamu ndinamupeza panja akukazinga, mwana wamng'ono akusewera ndi anzake m'ngalande youma. Anandipatsa kampando. Ndinamuuza zonse, kuyambira Lamlungu la simbi mpaka zimene fundi anapeza. Ndinamuuzanso kuti tsiku lija anandifunsa pakhonde, ndinkadziwa komwe utsi unayambira.

Anamvetsera akutembenuza vitumbuwa. Atavuula vomaliza anaphula chiwaya n'kukhala pansi.

"Nenze niziba kuti munaona," anatero. "Khonde yanu iyangana ku boneti."

"Pepani, alamu."

"Mwachedwa kukamba, ba mulamu."

Sanakweze mawu. Anandipangira tiyi, tinamwa. Ndinamufunsa ngati abwerera kunyumba tsopano. Anati si ine ndinaponda mbaula pamaso pa anthu. Amene anaponda abwere yekha, adzanene zimene fundi anapeza pamaso pa mkulu wake ndi mwamuna wa mkulu wakeyo. Anandipatsa kaphukusi ka vitumbuwa kuti ndikampatse mwana wamkulu.

Uthengawo ndinakaupereka. Kwa milungu ingapo achimwene sankandilankhula kupatula pa zinthu zofunika, monga kufunsa komwe kuli makiyi a geti. Ogula zitsulo anabwera ndi lole, anadula chigobacho pawiri n'kuchikweza. Pabwalo panatsala dothi lakuda, lomwe mvula yoyamba inalisandutsa matope onunkha mphira.

Chimene chinawasuntha achimwene ndikuganiza kuti ndi mwana wawo wamkulu. Atamaliza mayeso anawauza kuti akupita kwa amayi ake, ndipo anapitadi, yekha, ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Nyumba yaing'ono inatsala yopanda munthu. Khirisimasi itadutsa, achimwene anavala shati yoyera n'kupempha amayi kuti awaperekeze ku George. Amayi anadandaula za miyendo, koma anapita. Ine sindinaitanidwe. Zimene zinalankhulidwa kumeneko ndinangomva pang'ono kwa mwana wamkuluyo: kuti abambo ake analankhula ataweramitsa mutu, kuti mwamuna wa mkulu wake wa mlamu anawauza abwereze mokweza, ndiponso kuti agogo ake sananene chilichonse nthawi yonseyo.

Mlamu anabwerera kwa mwamuna wake mu Januwale, koma osati pa bwalo pathu. Anakana kukhalanso pamenepo, ndipo achimwene sanalimbane naye. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Chainda. Achimwene analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto yonyamula buledi, imene amaisiya kuntchito akaweruka. Amabwera kudzaona amayi kumapeto kwa sabata. Ine ndi iwo timalankhulana bwino tsopano, za ana, za denga lodontha, za mankhwala a amayi. Za galimoto ija sitikambirana. Amayi sanapepese kwa mlamu. Anangomutumizira chitenje chatsopano pa Isitala, ndipo iye anachilandira n'kuthokoza kudzera mwa mwana.

Ku Mtendere anthu ambiri akudziwabe kuti inali mbaula. Amene anali pabwalo tsiku la moto anali ochuluka, pamene tsiku la fundi tinalipo anayi. Wina akaitchula nkhaniyo ine ndilipo ndimakonza. Ena amavomera, ena amati ndikuteteza mlamu, ndipo sabata yotsatira ndimamvanso za mbaula.

Chaka chatha ndinapita ku Chainda kukaona mwana wamng'ono atadwala malungo. Mlamu ali ndi kathebulo kake panjira yopita kusiteshoni ya minibasi. Ndili pamenepo kunabwera mayi wina wogula, amene mchemwali wake amakhala kufupi ndi kwathu. Anandizindikira, n'kuyamba kufunsa ngati ndife a pa bwalo pomwe panapsa takisi. Mlamu anandiyang'ana.

"Bauzeni, ba mulamu," anatero. "Imwe mwenzepo."

Ndinafotokoza zonse, mbali yanga yomwe. Mayiyo anamvetsera, ndalama yake ili m'manja, vitumbuwa vikuzizira m'pepala.

"Koma ku Mtendere amati ndi mbaula," anatero nditamaliza.

"Balekeni bazikamba," anatero mlamu. Anamuthokoza mayiyo pogula, n'kundiuza kuti ndilowe m'nyumba, mwana wadzuka ndipo akundifunsa.